Nkhope ndi imodzi, mapasipoti ndi anayi: zomwe mlendo wa mtundu wa Chitchaina amakumana nazo kunja

M'ndege imodzi yotera ku Paris mutha kutsika anthu anayi oti wowaona n'kulumbira kuti ndi a mudzi umodzi. Onse ndi Matchaina mwa mtundu, ndipo dzina la makolo awo limalembedwa ndi chilembo chimodzi cha Chitchaina. Koma m'mapasipoti mwawo woyamba ndi Chen wa ku Chengdu m'dziko la China, wachiwiri ndi Chan wa ku Hong Kong, wachitatu ndi Tan wa ku Penang m'dziko la Malaysia, wachinayi ndi Chin wobadwira ku Toronto m'dziko la Canada. Pa anayiwa, wofunika viza kuti alowe m'mayiko a Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya, kuphatikizapo France, omwe amalowedwa ndi viza imodzi) ndi Chen yekha. Enawo amadutsa opanda viza, bola asapitirire masiku 90 pa masiku 180 alionse. Mukawakhazika pa tebulo limodzi mwina sangamvane n'komwe: Chen amalankhula Chimandarini ndi chilankhulo cha kwawo ku Sichuan, Chan anakulira Chikantonizi, Tan kunyumba amalankhula Chihokkien ndipo kusukulu anaphunzira Chimalay, pomwe Chin mwina sadziwa china kupatula Chingerezi.

Mavuto ambiri omwe anthuwa amakumana nawo pa ulendo amayamba pamene wowalandira watenga nkhope, pasipoti ndi chilankhulo ngati chinthu chimodzi. Ena amatero chifukwa cha tsankho lenileni, ambiri chifukwa cha ulesi wosafuna kufunsa. Kwa mlendo yemwe ndege yamusiya, kusiyana kwa ziwirizi sikumuthandiza kanthu.

Tiyambe ndi kabuku ka pasipoti. Ndi mapasipoti angapo omwe pachikuto pali mawu oti China. Pali ya People's Republic of China, ya Hong Kong, ya Macau, komanso ya Taiwan, yomwe dzina lake la boma ndi Republic of China. Malamulo a viza a mapasipotiwa ndi osiyana kotheratu. A ku Taiwan amalowa m'mayiko a Schengen opanda viza kuyambira 2011, ndipo ku America kuyambira 2012, koma pokhapokha ngati m'pasipotimo muli nambala ya chitupa cha unzika. Pasipoti ya Taiwan yopanda nambalayi, yomwe imaperekedwa kwa ena okhala kunja, ilibe mwayi umenewu. Kalaliki wa pakauntala ya ndege akangowerenga China n'kusankha dzina lolakwika pa kompyuta, makina amamuuza kuti munthuyu akufunika viza, ndiye mkangano umayambika ndege ili pafupi kunyamuka. Boma la Taiwan linawonjezera mawu oti Taiwan pachikuto mu 2003, ndipo mu Januwale 2021 linawakulitsa n'kuchepetsa a Republic of China, chifukwa nthawi ya Covid-19 nzika zake zinkaimitsidwa m'mabwalo a ndege poziyesa za ku China. Chodalirika si chikuto ayi, koma mizere iwiri ya m'munsi mwa tsamba la chithunzi, yomwe uliwonse uli ndi malo 44. Pamenepo ya Taiwan imalembedwa TWN. Ya Hong Kong imalembedwa CHN monga ya Beijing, choncho pa iyoyo mpofunika kuwerenga dzina lonse la boma loipereka.

Pasipoti ya ku China yeniyeniyo ili ndi zopinga zakezake. Yomwe inatuluka mu 2012 inali ndi mapu osonyeza nyanja ya South China Sea ngati ya China, ndipo maofisala a ku Vietnam anakana kudindamo, m'malo mwake ankapereka viza pa pepala lapadera. Pepala lotere likasowa, umboni woti munalowa mwalamulo wasowanso. Ku America, mwini viza ya zaka 10 ya alendo amayenera kulembetsanso pa intaneti mu dongosolo la EVUS zaka ziwiri zilizonse, lamulo lomwe linayamba mu Novembala 2016. Akaiwala, viza ili bwinobwino koma ndege samukweza. Komanso China siipereka laisensi yoyendetsera galimoto ya padziko lonse, ndiye kampani yobwereketsa galimoto ikaumirira kuiona ikufuna chinthu chomwe mlendoyo sangachipeze mwalamulo. Mayiko ena amalola laisensi ya kwawo limodzi ndi kalata yoimasulira yovomerezeka, ena amakaniratu, ndipo izi mpofunika kuzifufuza ulendo usanayambe.

Pa mayina ndi pomwe makalaliki amagwa kwambiri. Kwa Matchaina dzina la makolo limayamba, la munthu limabwera pambuyo, ndipo la munthulo nthawi zambiri limakhala la zilembo ziwiri za Chitchaina. Pasipoti ya ku China imaziphatikiza kukhala liwu limodzi, ya Hong Kong imazisiyanitsa, ku Taiwan ambiri amaika kamzere pakati. Ya Malaysia ili ndi mzere umodzi wokha wa dzina, osasonyeza kuti la makolo ndi liti. Wogulitsa tikiti wosadziwa amatenga liwu lomaliza ngati dzina la makolo, lapakati n'kulitaya poliyesa dzina lapakati la Chizungu, ndipo tikiti imasemphana ndi pasipoti. Kuhotela nako buku la alendo limamuika pansi pa chilembo cholakwika, munthu n'kuuzidwa kuti sanasungitse chipinda pomwe analipira kale. Njira yake ndi yophweka: pa mzere woyamba wa m'munsi muja, pambuyo pa zilembo zitatu za dziko, dzina la makolo kawirikawiri limathera pomwe pali zizindikiro ziwiri izi <<. Ngati n'zosaoneka bwino, mufunseni mwiniwake aloze ndi chala.

Palinso tina ting'onoting'ono tosowetsa mtendere. Mayina ngati Ng, Li, Wu ndi Xu ndi aafupi moti mafomu ena a pa intaneti amawakana. Dzina la Lü lakhala likulembedwa LU kapena LV, kenako mapasipoti a kuyambira 2012 anayamba kulemba LYU, moti munthu mmodzi atha kukhala ndi viza yakale, khadi la banki ndi pasipoti yatsopano zosiyana kalembedwe popanda chinyengo chilichonse. Mayina a Wang, Li ndi Zhang lililonse lili ndi anthu oposa 90 miliyoni ku China kokha, choncho dzina kufanana ndi la munthu wofunidwa ndi apolisi si umboni wa kanthu mpaka mutayerekeza tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti. Ndipo mkazi wa ku China akakwatiwa sasintha dzina la makolo ake, pomwe ana kawirikawiri amatenga la bambo. Mayi woyenda yekha ndi mwana wake amaoneka ngati watenga mwana wa eni. South Africa italamula mu 2015 kuti mwana aliyense wodutsa m'malire akhale ndi setifiketi yobadwira yosonyeza makolo onse awiri, mabanja otere ndiwo anavutika, mpaka lamulolo linafewetsedwa kwa ana a alendo mu 2019.

Tsopano chilankhulo. Palibe chinthu chimodzi chotchedwa Chitchaina chomwe onse amamvana nacho pakamwa. Chimandarini ndi Chikantonizi ndi zapachibale monga Chichewa ndi Chizulu, koma chibale sichimvetsa nkhani. Kuitana womasulira osafunsa kaye kuti mlendoyo amalankhula chiti ndi kutaya ndalama, ndipo kupolisi kapena kuchipatala ndi ngozi. Nkhalamba ya ku Fuzhou kapena ya kumidzi ya Guangdong itha kumva Chimandarini mwapatalipatali, n'kumangogwedeza mutu mwaulemu, womasulira n'kulemba kuti yavomera. Zolemba nazo zili pawiri: ku China, Singapore ndi Malaysia amagwiritsa ntchito zilembo zofewetsedwa zomwe boma la Beijing linayamba kukhazikitsa mu 1956, pomwe Taiwan, Hong Kong ndi Macau anasunga zakale. Ophunzira ambiri amatha kuwerenga zonse movutikirako, koma kumupatsa munthu wa ku Taipei kapepala ka zilembo za Beijing kuli ndi fungo la ndale lomwe wopereka mwina sakulidziwa. Kalembedwe ka pinyin, ka zilembo zathuzi, sikathandiza pa chikwangwani. Anthu amakaphunzira ngati chothandizira katchulidwe, sawerengera nkhani.

Mlendo akamayesa Chingerezi pamaso pa ofisala wa imigireshoni, pali zolakwa zina zomwe zimamveka ngati bodza pomwe gwero lake ndi kapangidwe ka chilankhulo chake, ndipo ife olankhula Chichewa tiyenera kuzimvetsa msanga kuposa Mngerezi. Pa Chimandarini cholankhula, liwu lakuti iye ndi limodzi kwa mwamuna ndi mkazi, monga kwathu kuno. Ndiye munthu akamafotokoza za mkazi wake atha kusakaniza mawu a Chingerezi a mwamuna ndi a mkazi, ofisala n'kuganiza kuti nkhaniyo ndi yopeka. Funso lokana nalo ndi msampha womwewo womwe timaudziwa: akafunsidwa kuti simunatenge nyama, iye amati inde kutanthauza kuti zoona sindinatenge, pomwe Mngerezi amamva kuti watenga. Mneni wa Chitchaina sasintha posonyeza nthawi, choncho zoti anagwirapo ntchito kwinakwake kale zitha kumveka ngati akugwirabe, nkhani yoopsa kwa munthu wa viza ya alendo. Wofunsa wodziwa ntchito amafunsa mafunso aafupi, osakana, chinthu chimodzi pa funso.

Manambala ndiwo amaluza anthu ndalama. Chitchaina chimawerenga m'magulu a 10,000, otchedwa wan, osati a 1,000. Choncho 100,000 ndi ma wan khumi, ndipo munthu wotopa ndi ulendo akamatembenuza m'mutu amatha kuphonya ziro mmodzi. Polowa mu European Union ndi ndalama zokwana 10,000 euro kapena kuposa pamafunika kulembetsa, ndipo ku America malire ake ndi kupitirira 10,000 dollars. Kunena nambala yolakwika pakamwa kumatengedwa ngati kubisa, ndalama n'kulandidwa. Mankhwala ake ndi pepala ndi cholembera, kapena kakyuleta ya pafoni. Musadalirenso zala, chifukwa ku China amawerenga mpaka 10 ndi dzanja limodzi: chala chachikulu ndi chaching'ono zotambasula ndi 6, chachikulu ndi cholozera ndi 8, zomwe wogulitsa wa kwina amaziona ngati 2. Deti amayamba ndi chaka, kenako mwezi, tsiku pomaliza, ndipo okalamba ena amakumbukira tsiku lawo lobadwa pa kalendala ya mwezi, losiyana ndi la m'pasipoti.

Pa kasitomu vuto lalikulu ndi zolembedwa pa paketi, zomwe ofisala sangaziwerenge ndipo mwini wake sangazifotokoze. Makeke a chikondwerero cha mwezi ambiri amakhala ndi yolki ya dzira kapena nyama mkati. Soseji ndi nyama ya nkhumba youmitsa zinakhala nkhani yaikulu matenda a chigodola cha nkhumba atafika ku China mu 2018: Taiwan inaika chindapusa cha 200,000 ya ndalama zake kwa wopezeka nayo koyamba, New Zealand imalipiritsa chindapusa pomwepo ukapanda kuulula chakudya, ndipo Australia imatha kufafaniza viza. Mapiritsi ena a chifuwa otchuka ku China, opangidwa ndi muzu wa licorice, ali ndi opium pang'ono ndipo ku America amalandidwa. Lamulo apa silisankha mtundu. Tsankho limalowa pamene zikwama za nkhope imodzi zokha ndizo zikutsegulidwa, kuphatikizapo za Chin wa ku Toronto uja yemwe ku China sanapondeko.

Kugwiritsa ntchito chilankhulo ngati chitseko si za lero. Australia mu 1901 sinalembe m'lamulo kuti Matchaina asalowe. Inakhazikitsa mayeso olembetsa mawu 50 m'chilankhulo chilichonse cha ku Ulaya chomwe ofisala wasankha, moti wodziwa Chingerezi ankatha kupatsidwa china chomwe sanachimvepo. Mayesowa anathetsedwa mu 1958. America inatseka khomo poyera ndi lamulo la 1882 lomwe linakhalapo mpaka 1943, ndipo pa chilumba cha Angel Island, pakati pa 1910 ndi 1940, obwera ankafunsidwa kudzera mwa womasulira kuti nyumba ya kwanu ili ndi mawindo angati, masitepe angati, mpunga mumasunga pati. Yankho likasiyana ndi la wachibale, ulendo wobwerera. Canada inkalipiritsa msonkho wa pamutu womwe unayamba pa 50 dollars mu 1885 n'kufika 500 mu 1903. Cape Colony, yomwe lero ndi gawo la South Africa, inali ndi lamulo lake lotsekera Matchaina mu 1904. Chodabwitsa kwambiri ndi Indonesia mu ulamuliro wa pulezidenti Suharto, komwe fomu ya kasitomu inkaika zosindikizidwa m'zilembo za Chitchaina pa mndandanda wa zoletsedwa pamodzi ndi mankhwala ozunguza bongo ndi zida. Lamulo la 1967 loletsa miyambo ya Chitchaina poyera linachotsedwa ndi pulezidenti Abdurrahman Wahid mu 2000. N'chifukwa chake Matchaina ambiri a ku Indonesia a msinkhu wapakati ali ndi mayina a Chiindonesia ndipo Chimandarini sachidziwa. Kuwalonjera nacho mokakamiza si ulemu.

Masiku ano malamulo otere kulibe, koma mtima wake umatulukirabe. Mu Januwale 2019 mkulu wina wa maphunziro pa Duke University ku America anatula pansi udindo atalembera ophunzira a ku China kuti azilankhula Chingerezi nthawi zonse m'nyumba za sukuluyo, aphunzitsi ena atadandaula kuti anawamva akucheza m'Chitchaina pa malo opumira. Mu Meyi 2023 kampani ya ndege ya Cathay Pacific inachotsa ntchito anthu atatu ogwira m'ndege yochokera ku Chengdu kupita ku Hong Kong, atajambulidwa mawu akuseka wokwera yemwe popempha bulangete anatchula liwu la Chingerezi la kapeti. Nkhani iyi ndiyofunika kuiganizira bwino, chifukwa kampaniyo ndi ya ku Hong Kong: kunyoza Chimandarini kumachokeranso pakati pa Matchaina okhaokha, potengera ndale, chuma ndi mbiri. Palinso kusamvana kosachita kufuna. Liwu lomwe olankhula Chimandarini amadzazira mpata akamaganiza, monga ife timati ujeni, limamveka ngati chitonzo choipitsitsa chomwe amanyozera anthu akuda m'Chingerezi, ndipo mu 2020 linautsa mkangano pa University of Southern California mphunzitsi atalitchula m'kalasi.

Mliri wa Covid-19 unaonetsa zonsezi poyera. Mu Januwale 2020 nyuzipepala ya ku France ya Le Courrier Picard inalemba mutu wochenjeza za ngozi yachikasu, mawu onyoza khungu la anthu a ku Asia, n'kupepesa pambuyo pake. Bungwe la WHO posankha dzina la matendawa pa 11 Febuluwale 2020 linapewa dala kutchula malo, koma m'misewu munthu sankafunsidwa pasipoti asanatukwanidwe. Gulu la Stop AAPI Hate, lolimbana ndi nkhanza zochitira anthu ochokera ku Asia ku America, linalandira madandaulo oposa 9,000 pofika pakati pa 2021, ndipo ambiri mwa odandaulawo sanali Matchaina koma a ku Korea, Vietnam, Philippines ndi kwina. Kusokoneza nkhope kotere kunapha kale munthu: Vincent Chin, Mtchaina wa ku America, anamenyedwa mpaka kufa ku Detroit mu 1982 ndi anthu okwiya ndi magalimoto a ku Japan omwe anamuyesa wa ku Japan. Chilungamo chimafunanso kunena kuti mu Epulo 2020 anthu a mu Africa ku Guangzhou anathamangitsidwa m'nyumba ndi m'mahotela pa chifukwa chomwecho cha mliri, mpaka akazembe a mayiko a mu Africa anadandaula ku Beijing.

Ndalama zabweretsa ulemu wina wokhala ndi mbola. Mu 2019 anthu a ku China anayenda maulendo akunja pafupifupi 155 miliyoni, ngakhale ambiri anali a ku Hong Kong ndi Macau, ndipo ankaposa dziko lina lililonse pa ndalama zowononga pa ulendo. Masitolo a ku Paris ndi Milan analemba ntchito olankhula Chimandarini, Malaysia, Singapore ndi Thailand anachotsera nzika za China viza pakati pa Disembala 2023 ndi Malichi 2024. Koma mbiri yoti Mtchaina amayenda ndi ndalama m'thumba inakopanso akuba. Mu Ogasiti 2016 telala wina wa Chitchaina wa zaka 49 anamwalira atavulazidwa ndi achifwamba ku Aubervilliers kufupi ndi Paris, ndipo anthu zikwizikwi anachita zionetsero. Ndipo taonani kuti zikwangwani za Chitchaina m'malo ambiri a alendo zili mitundu iwiri: zoitanira kugula, ndi zoletsa kulavula kapena kuponda pa chimbudzi. Chikwangwani choletsa chikalembedwa m'chilankhulo chimodzi chokha, owerenga amadziwa yemwe akunenedwa.

Kwa wogwira ntchito pa loji ku Mangochi kapena ku Mfuwe, zothandiza ndi zazing'ono. WhatsApp, Facebook ndi Gmail ndi zotsekedwa ku China, choncho uthenga wotsimikizira chipinda womwe mwatumiza kumeneko mwina sunafike. Funsani imelo ina kapena WeChat, pulogalamu ya mauthenga yomwe amagwiritsa ntchito kumeneko. Makhadi ambiri a kumeneko ndi a UnionPay, ndiye onetsetsani ngati makina anu amawalandira mlendo asanadye. Ambiri amamwa madzi otentha, osati a m'firiji, moti ketulo kapena fulasiki m'chipinda imachotsa madandaulo ambiri. Ena amapewa chipinda nambala 4 chifukwa liwu lake limamveka ngati imfa. Kwawo kulibe chizolowezi chopatsa woperekera zakudya kangachepe, choncho kusasiya kanthu si mwano. Ndipo moni woyamba ukhale m'Chingerezi kapena m'Chichewa, kenako funso loti mungakonde chilankhulo chiti.

Kuno kwathu nkhope imeneyi yasenza katundu wambiri. Dziko la Malawi linali pa ubale ndi Taiwan mpaka kumapeto kwa 2007, ndipo chipatala chachikulu cha Mzuzu chinamangidwa ndi thandizo la Taiwan, pomwe nyumba ya malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga–Chitipa ndi Bingu National Stadium zinamangidwa ndi thandizo la China. Anthu sanaiwalenso mlandu wa Lu Ke, nzika ya China, yemwe ankajambula ana a ku Njewa akunena mawu odzinyoza m'Chitchaina chomwe sankachimva, anagwidwa ku Chipata mu 2022 ndipo khoti linamupeza wolakwa mu 2023. Mkwiyo umenewo uli ndi chifukwa chake, koma dokotala wa ku Singapore wobwera kudzaona nyanja alibe nawo gawo, ngakhale ana a m'mbali mwa msewu amukuwize kuti Tchaina.

Zikafika poipa, monga ngozi ya pamsewu kapena kumangidwa, funso loyamba ndi loti pasipoti yake ndi ya dziko liti. Pangano la Vienna la 1963, ndime 36, limapatsa mlendo womangidwa ufulu woti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe ngati iye wafuna. China siivomereza unzika wa mayiko awiri, ndipo Tan wa ku Penang ndi nzika ya Malaysia basi. Kumuimbira ofesi ya kazembe wa China ndi kutaya maola. Nzika za China zili ndi nambala yothandizira ya 12308 yomwe imagwira usana ndi usiku, a ku Hong Kong ali ndi yawo ya 1868 ngakhale kunja amathandizidwanso ndi akazembe a China, ndipo wa ku Taiwan mufunseni kaye yemwe akufuna adziwitsidwe, popeza mu Africa monse ofesi ya kazembe weniweni wa Taiwan ili ku Eswatini kokha.